Bolodi la Maliro pa Mponela

Maso anga salolanso kuti ndilembe nthawi yaitali, choncho ndilemba zokhazo zimene ndingathe. Ndikufuna kukamba za makina amene tinaika pa ofesi ya bungwe lina la mpingo pa Mponela, mafoni am'manja asanalowe m'matumba mwa anthu, ndi za tsiku lina la dzinja limene makinawo anandigwiritsa ntchito imene sinali yanga.

Ine sukulu ndinayamba ndili kale ndi ndevu. Anzanga akuphunzira, ine ndinali m'misika ndi gulu la anyamata amene ankaimitsa anthu m'misewu ndi kumvetsera zimene anthu akulankhula m'mabasi. Za masiku amenewo sindilemba pano. Ndingoti alipo anthu m'mapiri a Dowa amene mpaka lero akandiona amatsitsa mawu, ndipo sindidabwa nazo. Nditaphunzira kuwerenga pa sukulu ya akuluakulu ndinapeza umesenjala pa ofesi ija, kenaka anandiika pa makina otayipira, chifukwa zala zanga, ngakhale zinali zochedwa, sizinkalakwitsa. Polowa ntchitoyo ndinapangana ndi mtima wanga kuti envelopu yomata ndidzanyamula, koma mawu apakamwa a munthu wina sindidzawatenganso kupita nawo kulikonse.

Kompyuta inabwera ndi mayi wina wachitsikana wochokera ku Lilongwe. Tonse tinkangomutchula kuti mayi wa makina. Anatifotokozera kuti makompyuta adzakhala anayi: yathu, ina pa boma ku Ntchisi, ina ku Madisi, ina pa boma ku Dowa. Yathu ndiyo inali likulu. Masana, anthu akapita kukadya ndipo foni ya pa ofesi ili phee, makompyuta enawo ankaimbira yathu kudzera m'kabokosi kotchedwa modemu, n'kutula mauthenga awo, n'kutengako owayenera. Kabokosiko kankalira ngati mwana wa mbuzi wokoledwa chingwe, kenaka n'kumveka ngati mvula pa malata. Kakatero ndiye kuti agwirizana.

Mauthenga anali a mitundu iwiri. Imelo inali ya munthu mmodzi, yotsekulidwa ndi mawu ake achinsinsi. Bolodi linali la aliyense, monga thabwa la zolengeza pakhomo pa tchalitchi. Mayi wa makina anandikhazika pambali pake n'kundiuza kuti mayina a mabolodi ndipereke ndine, popeza ndine ndidzatsale nawo.

Ndinatchula Zaulimi, Zaumoyo ndi Zampingo. Tili mkati molemba analowa mwini golosale yoyandikana nafe, Msilamu wochezeka amene anali atatibwereka batire la galimoto loti tizigwiritsa ntchito magetsi akazima. Iye anafuna bolodi la mitengo ya soya ndi mtedza, ndipo tinamupatsa. Atakhutira, anandiyang'ana.

"Akalaliki, muikemonso la ofuna mabanja. Mwina nanu mungatolepo wokuphikirani."

Ndinamuuza kuti ayambe wafolera khitchini ya mkazi amene ali naye kale, yomwe inkadontha ngati sefa. Mayi wa makina anaseka mpaka analakwitsa kulemba.

Bolodi lomaliza ndinapempha ndine, la Zamaliro. Mayiyo anazengereza, koma ndinamuuza kuti kuno nkhani yofuna changu ndi imeneyo. Kalata ya pa basi inkafika munthu ataikidwa kale. Anavomera. Kenaka anandifunsa funso limene ndinaliyesa laling'ono: munthu akatsekula makina, ayambe kuona chiyani, mabolodi kapena imelo yake? Sindinaganize n'komwe. Ndinati za onse ziyambe, monga mmene kutchalitchi timayambira ndi zolengeza, zamseri n'kumakamba titatuluka. Anadina mabatani angapo mofulumira, ine osaona kuti ndi ati, ndipo zinakhala choncho. Aliyense wokhala pa mpando uja ankayamba waona mitu ya mauthenga atsopano a m'mabolodi, afune asafune.

Miyezi yoyamba inali yotopetsa kuposa mmene anthu amaganizira. Mvula ikagwa foni inkafa. Ikachira, akuba ankadula waya cha kudambo. Uthenga wina unkafika theka, mutu ulipo miyendo palibe, ndipo mwini wake ankakalipira ine. Madzulo aliwonse ndinkasindikiza za m'mabolodi pa pulinta yaphokoso ija n'kukamata pachitseko, mbuzi n'kudya m'munsi mwake. Anthu ambiri sankadziwa kutayipa, ndiye ankayenera kundiuza mawu awo kuti ndiwalembere, ine n'kumalemba ngati sindikumva. Ena, pokumbukira kuti ndinali yani, ankalolera kukwera minibasi kukatumizira ku Madisi. Sankadziwa kuti uthenga wa ku Madisi umadzagona kaye m'makina anga usanapitirire. Sindinawauze. Mayi wa makina anali atandionetsa kuti woyang'anira likulu angathe kutsekula imelo ya aliyense, koma batani limenelo sindinaligwirepo.

Mwa ochepa amene ankakhala okha pa makina munali mphunzitsi wina wamkazi wa pa pulayimale yapafupi. Kwawo kunali m'mapiri a Ntchisi, kuseri kwa nkhalango, ndipo mwamuna wake ankagwira ntchito ku esiteti ku Kasungu. Anaphunzira kutayipa msanga moti nthawi zina ankandikonzera ine zolakwika, mwaulemu. Mayi ake anali odwaladwala. Zikavuta, amalume ake ankatsika ku boma n'kukauza kalaliki wa kumeneko kuti alembe imelo. Chaka chimenecho anali atamuitana kale kangapo ndi mawu akuti amayi akudwala kwambiri. Ulendo uliwonse iye ankathamanga, n'kukawapeza atapezako bwino, ulendo wina atakhala pakhonde akusenda mtedza. Pofika dzinja anali woyembekezera, mimba itakula, mapazi atatupa, ndipo a kuchipatala anali atamuchenjeza za kuthamanga kwa magazi. Zimenezi ananena yekha tsiku lina pofotokoza chifukwa chake sankafunanso mchere.

Tsikulo mvula inayamba m'mawa, yamvumbi. Masana makina a ku Ntchisi anaimba n'kutula katundu wawo. A ku Madisi anayesa, foni n'kuduka. Ndinadziwa kuti ayesanso. Ndinatsekula mabolodi kuti ndione zoti ndisindikize, ndipo pa Zamaliro panali uthenga watsopano. Anaulembetsa anali mkulu wa mpingo wa kumudzi kuja, amene anatsika ku boma kudzagula misomali ndi nsalu. Mayi wa mphunzitsi uja anali atamwalira m'bandakucha. Mwambo woika unali wa mawa lake. Mkulu wa mpingoyo anapempha kuti amene aone uthengawo ku Madisi akadziwitse alongo a malemu amene ankalima kumeneko.

Pa mndandanda wa maimelo panali imodzi ya mphunzitsiyo, yochokera ku makina omwewo. Sindinafunike kuitsekula kuti ndidziwe zili m'kati. Kwathu mwana amene ali kutali sitimuuza kuti mayi ako amwalira. Timati akudwala kwambiri, bwera, kuti ayende ndi miyendo yake, akamve atafika pamene pali azakhali omugwira. Kwa woyembekezera ndiye kwambiri. Amalume anachita zoyenera. Mkulu wa mpingo nayenso anachita zoyenera. Koma mauthenga awiriwo anakwera foni imodzi, ndipo ine ndinali nditalamula kuti za onse ziyambe. Mphunzitsiyo ankabwera akaweruka, n'kukhala yekha pa mpando. Chinthu choyamba kuona chikanakhala dzina la mayi ake pansi pa mutu wa Zamaliro.

Ndinaimbira mayi wa makina. Ku ofesi kwawo anati wapita kumpoto, abwera sabata yamawa. Ndinatsitsa buku lachingerezi limene anatisiyira, lonenepa ngati njerwa, ndipo ndinatsekula masamba uku ndi uku, zilembo zikungoyandama. Kufufuta uthengawo ndinkadziwa, koma ndikanaufufuta ndiye kuti a ku Madisi akaimbanso sakanaupeza, alongo a malemu n'kukhala ali m'munda mlongo wawo akuikidwa.

Potsiriza ndinaganiza zosindikiza imelo yake kuti asakhale pa makina. Kumeneko kunali kugwira batani lija. Ndinaligwira, ndinalamula pulinta, ndipo ndinatembenukira kukhoma. Itasiya kulira ndinang'amba pepalalo ndi dzanja lofufuza kumbuyo, n'kulipinda maso ali kudenga. Mwini golosale analowa nthawi yomweyo akukutumula mvula pachipewa.

"Akalaliki, mukupemphera, kapena pulinta yakutukwanani?"

Ndinamuonetsa za pa bolodi, popeza zimenezo zinali za aliyense. Anasiya kuseka. Mphunzitsiyo ankamudziwa, ankaphunzitsa mwana wake wamkazi. Anati lole yake imayenera kupita ku Ntchisi ndi mchere ndi sopo, koma amafuna aiimike chifukwa cha msewu. Tsopano ipita, ndipo akauza mkazi wake akonzeke kuti akakhale ndi mphunzitsiyo kutsogolo. Anatuluka osatseka chitseko.

Ndinazimitsa galasi la kompyuta, makina enieniwo n'kuwasiya akuyenda kudikira a ku Madisi, ndipo ndinafunditsa nsalu yake. Pachitseko sindinamate kanthu.

Mphunzitsi uja anafika ndi ambulera yothyoka nthiti imodzi, makope a ana atawakulunga m'pepala la pulasitiki. Anapereka moni, n'kulunjika ku mpando. Ndinamuuza kuti makina adwala, koma imelo yake inali itafika kale, nayi. Bodzalo linatuluka mosavuta, ndipo kusavutako kunandinyansa. Anawerenga ataimirira, dzanja lina lili m'chiuno. Anausa moyo n'kuwerenganso mokweza, ngati akufuna mboni: amayi akudwala kwambiri, bwera.

Anati amalume nawonso, mawu ake ndi omwewo omwewo chaka chonse. Mawa ana ake a sitandade seveni anali ndi mayeso oyeserera, ndipo ahedi anali atayamba kale kung'ung'udza za maulendo ake. Msana unkamupweteka, ndipo msewu wa kwawo mvula ikagwa chonchi umagwedeza munthu mpaka mano. Anapinda pepala n'kuliika m'makope.

"Makina akachira muwalembere kuti ndibwera Loweruka, abambo. Ndiwagulira shuga ndi mankhwala aja."

Linali Lachitatu.

Apa m'pamene ndinaona chimene tinalakwitsa tonse, kuyambira amalume aja mpaka ine. Mawu akuti akudwala kwambiri sanayendepo okha. Ankabwera ndi munthu. Unkaona bambo wa kwanu atatsamiritsa njinga pamtengo nthawi yosayenera, matope mpaka m'maondo, wakana mpando, wakana madzi, wanjuta pansi, maso osakuyang'ana. Pakamwa pake pankati akudwala, koma thupi lake linkanena zotsalazo, ndipo iwe unkamva zonse ziwiri, n'kusankha wekha pamene udzayambire kulira. Pepala la pa pulinta linali loyera ngati la ulendo wapita uja, pamene anawapeza akusenda mtedza. Akanasiyanitsa bwanji?

Anali atatuluka kale pakhonde, akulimbana ndi ambulera. Ine sindinali mbale wake. Sindinali wa mudzi wawo, sindinatumidwe ndi aliyense, ndipo ndinali munthu womaliza m'boma lonse la Dowa woyenera kunyamula mawu a eni ake. Ndikanatha kukhala chete, ndipo palibe akanandiimba mlandu. Akanafika Loweruka n'kupeza mulu wa dothi ndi nkhata zofota. Ndikanathanso kungomuuza, n'kumuona akugwa pa simenti ndi mimba ija, popanda wake aliyense pafupi. Ndinatopa ndisananyamuke n'komwe.

Ndinatuluka. Ndinamuzungulira n'kutsika masitepe, kuti ndikhale kunsi kwa iye. Pamenepo madzi a padenga ankagwera. Ndinanjuta, maondo akulira, ndinagwirizanitsa manja, maso pansi.

"Mayi, nyamukani lero. Galimoto ilipo."

Ndinkangoona nsapato zake za pulasitiki ndi mapazi otupa aja. Madzi ankandilowa m'khosi mwa malaya.

"Abambo, akutumani ndani?"

"Palibe wandituma."

"Ndiye dzukanitu, mukunyowa."

Sindinadzuke. Patapita kanthawi ndinamva ambulera ikupindidwa. Makope anawaika pa kampanda ka khonde pang'onopang'ono, ngati mazira. Anagwira mzati n'kupuma mozama kangapo. Sanandifunse za makina, sanafunse za bolodi, sanafunse funso lililonse limene likanandikakamiza kutchula mawu aja. Mkazi wa mwini golosale anali atafika, atafunda mpango wake waukulu, ndipo anamugwira pachigongono. Mphunzitsiyo anamufunsa ndi mawu wamba ngati lole ingadzere kunyumba kwake, akatenge zitenje ndi duku. Kenaka anati makopewo ndikapereke kwa ahedi, ndiwauze kuti mafunso a mayeso ali m'kabati, shelefu yapakati.

Lole itanyamuka ndinalephera kudzuka ndekha. Anandikoka ndi mwini golosale, akudandaula kuti ndine wolemera ngati ng'ombe yogwera m'chitsime. Tinalowa mkati, ndipo tili chiimire kabokosi kanalira. A ku Madisi anali atalumikiza. Uthenga unapita.

Za ulendowo ndinamva kwa mkazi wa mwini golosale atabwerako. Anatitimira pa chitunda china mpaka anthu a m'mudzi wapafupi anabwera ndi makasu. Njira yonse mphunzitsiyo ankakamba za ana a m'kalasi mwake, yemwe ndi wanzeru, yemwe amagona. Anafika kukuyamba kuda. Ataona nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu polowera m'mudzi, anapempha dalaivala kuti aime, anatsika, ndipo analira kuyambira pamenepo. Azimayi anathamanga kudzamulandira. Mphunzitsiyo anagona pambali pa mayi ake usiku womaliza, ndipo mimba sinavute. Alongo a malemu anafika m'mawa pa njinga.

Nkhani sinathere pomwepo. Maliro atatha, amalume aja anabwera pa Mponela. Anali bambo wowonda, wa jekete lotuwa, wolankhula mofatsa. Anakhala pa benchi la mu ofesi, chipewa pabondo, n'kunena kuti sanabwere ndi mkwiyo. Koma anafuna adziwe kuti mwana wawo akanakomoka pakhonde pathu, kapena mimba ikanachoka, mlandu ukanakhala wa yani. Wonjuta pamaso pa mwana wamasiye amakhala wotumidwa ndi eni mbumba, ndipo akalakwitsa eni mbumba amayankha. Ine ndikanayankha kwa yani? Zimene ankanena zinali zoona. Ndinafuna kuwauza kuti pepala lawo linali litalephera, koma ndinaona kuti akudziwa kale, ndipo n'zimene zinkawapweteka. Podzuka anandiyang'ana kwa nthawi, n'kuti, "Inu timakudziwani." Mpaka lero sindidziwa kuti ankanena za liti. Ndinawaperekeza ndi nkhuku, monga zimayenera, ndipo analandira.

Mayi wa makina atabwera, kusintha kuti imelo iziyamba kunamutengera kanthawi kochepa kuposa kumwa kapu ya tiyi. Ndinamupempha kuti bolodi la Zamaliro alitseke. Abusa ndi ena a komiti ya bungwe lathu anakana, anati lathandiza anthu ambiri, ndipo sankanama. M'malo mwake anagwirizana kuti uthenga wa maliro uziima kaye kwa woyang'anira likulu, iye aziona ngati pa Mponela pali mwana wa malemu amene sanauzidwe, asanaumate pachitseko. Woyang'anira likuluyo ndinali ine. Choncho munthu amene sankafuna kudziwa za eni ake anayamba kudziwa imfa ya aliyense kuyambira ku Madisi mpaka kumapiri a Ntchisi, eni ake asanamve, ndipo ndinakhala choncho mpaka makinawo anatha ntchito n'kukaunjikidwa m'chipinda chosungiramo makasu.

Mphunzitsi uja anabereka mwana wamkazi chakumapeto kwa mvula, ndipo atachira anayambanso kubwera, mwana ali kumsana. Za tsiku lija sanatchulepo, ngakhale kuthokoza kapena kudandaula. Koma ndinaona kuti akafika pakhomo sankayang'ananso makina. Ankayamba wayang'ana ine. Akandipeza ndili pampando, mapewa ake ankatsika, n'kupereka moni. Nkhaniyo inafalikira, ndipo ena amene anali ndi odwala kwawo anayamba kuchita chimodzimodzi. Bambo wina wogulitsa matabwa anandipeza tsiku lina nditawerama pansi pa tebulo kulumikiza waya wa pulinta, ndipo anataya chikwama n'kugwira mutu ndisanatsekule pakamwa. Zinanditengera nthawi kumutsimikizira kuti bambo ake ali moyo.

Kuyambira pamenepo, ikakwana nthawi yoti anthu ayambe kufika, ndinkakhala pampando mowongoka, ngakhale msana ukuwawa. Cholembera chikagwa pansi ndinkachisiya pomwepo mpaka onse atapita.